Ndinathira mwanamphepo m'phala la mwana wanga

Inu owerenga, ndisakuzungulitseni. Mwana wanga wamkazi lero alibe chiberekero, ndipo amene anachititsa zimenezi ndine, mayi wake womubereka. Palibe anandilodza, sindinaledzere, misala ndilibe. Ndinachita ndili maso, kunja kutayera, ndikudziuza kuti ndikumuthandiza. Nkhaniyi ndikuuzani yonse mosasiyako, chifukwa chimene chinandifikitsa pamenepa ndi kubisa.

Kwathu ndi cha ku Milepa, konkuno ku Chiradzulu. Ndine mayi wamasiye. Ndimalima kamunda kamene anandisiyira amayi anga, ndipo tsiku la msika ndimagulitsa tomato ndi mpiru. Ana anga onse ndinaberekera pakhomo, masiku aja azamba a m'midzi asanaletsedwe, ndipo chimenechi ndinkayenda nacho mapewa m'mwamba. Ndikamva kuti uje amuchita opaleshoni, ndinkati atsikana a masiku ano ndi aulesi, akufuna mwana koma thukuta lake ayi. Pakamwa panga m'pakuthwa, kwathu aliyense amadziwa, ndipo ine sindikana.

Zaka zambiri zapitazo kuchipatala chathu chaching'ono kunkabwera mayi wina wochokera ku Blantyre, dokotala wa amayi oyembekezera, amenenso amaphunzitsa ena udokotala ndi uzamba. Iwowa sankabwera kudzabaya jekeseni kapena kudzagawa mankhwala ayi. Ankabwera kudzafunsa basi. Ankayala chitenje pansi pa mtengo, n'kukhala nafe miyendo ili tambalale, amvekere akuchita kafukufuku, akufuna kudziwa chimene chikupha amayi pobereka pamene zipatala zilipo. Matenda akayamba amauzidwa koyamba ndani? Amalamula kuti tiyeni kuchipatala ndani? Nanga musananyamuke mumamwa chiyani? Ukayankha limodzi, lina labwera kale. Tinawapatsa dzina loti aNamafunso, ndipo anayambitsa dzinalo ndine ndemwe.

Tsiku lina anafunsa za mwanamphepo. Kwa inu amene simudziwa, awa ndi mankhwala achikuda amene amamwetsa mayi wapakati kuti matenda ayambe msanga, mwana atsike mwachangu. Ine ndinamwapo, amayi anga anamwapo. Koma ndinawayang'ana m'maso adokotalawo n'kunena kuti, "Ife kuno ndife Akatolika, adokotala. Zimenezo mwina mukafunse kutsidya." Azimayi anaseka, ine n'kumva kukoma.

Koma mayi wina wa ku Mauwa sanaseke. Mng'ono wake anali atamwalira pobereka chaka chomwecho. Iye anayamba kufotokoza zonse: mmene amanyikira mankhwalawo, mmene amawabisira m'phala kapena m'thobwa kuti anamwino asaone, ndiponso mmene amamubisira wodwala kuseri mpaka mwana atatsika. Ndinamutsina pantchafu kuti atseke pakamwa, za kuchikuta sauza mlendo. Anangochotsa dzanja langa n'kupitiriza, ena awiri atatu n'kumutsatira. Ndinanyamuka kupita ku tomato wanga, m'njira ndikuseka kuti munthu wophunzira mpaka kunja akufunsa zimene namwali wa dzulo amadziwa.

Patapita nthawi zinthu zina zinayamba kusintha kusikelo, koma sindinaganizeko kuti zikuchokera kuti. Kale anamwino ankatipisa m'zikwama, akapeza kabotolo ankakukalipira pamaso pa anzako mpaka umalakalaka nthaka itang'ambika. Zimenezo zinachepa, anayamba kumuitanira munthu pambali n'kumufunsa motsitsa mawu. Amayi amene anachitidwapo opaleshoni anayamba kuwatumiza kuchipatala chachikulu masiku asanakwane, kuti akadikirire pafupi ndi kufiyeta, kochitira opaleshoni. Ine ndinkati kumeneko n'kuvutitsa anthu chabe.

Tsopano ndifike pa Rozina. Ameneyu ndi mwana wanga wamkazi woyamba, wofatsa, wosayankha pamaso pa munthu, sanatengere ine ngakhale pang'ono. Mimba yake yoyamba anamuchita opaleshoni chifukwa mwana anagona mopingasa. Mwanayo alipo, mnyamata wathanzi. Koma ine chinkandiwawa. Anzanga kumsika ankandinyogodola kuti mayi wa pakamwa uja mwana wake wabereka ndi mpeni, ndipo ine, amene sindisowa choyankha, pamenepo ndinkangoti kukamwa yasa.

Atatenga mimba yachiwiri, kusikelo anamuuza momveka bwino. Anati pachiberekero pake pali chipsera, asamwe chilichonse chofulumizitsa matenda, akadikirire kuchipatala chachikulu, ndipo akangomva kupweteka ngakhale pang'ono akauze anamwino nthawi yomweyo. Rozina anabwera kudzandiuza zonsezi ndikusankha nyemba pakhonde. Ndiye musandimvere chisoni kuti mwina sindinkadziwa. Ndinkadziwa.

Tinapita kuchidikiro, nyumba imene amayi amadikiriramo tsiku lawo, chimanga chitangoyamba kuuma m'munda. Gadiyani ndinali ine, womuphikira ndi kumuchapira. Akamwini anga, amuna ake a Rozina, anali ku Limbe kumaganyu a zomangamanga, mdzukulu tinamusiya kwa aneba, ndipo kumunda kunalibe woyang'anira. Inu a kuno mukuidziwa minda yathu, ndi tizigamba. Akuba akangolowamo kamodzi, ndiye kuti chaka chonse uli pamzere wa ganyu.

Sabata inatha, ina n'kutha. Amene tinawapeza anachira n'kumapita kwawo. Amene anatipeza nawonso anachira n'kumapita. Ife phee. Ufa unayamba kutsika m'thumba. Kenako kunabwera foni kuti m'munda wa aneba akuba athyolamo mizere ingapo, ndipo mwanga chiswe chayamba kugwetsa mapesi. Kuyambira tsiku limenelo thupi langa linali kuchipatala koma mtima unali kumunda. Ndinapita kwa anamwino kukafunsa kuti bwanji osangomuchita zomuchitazo tizipita. Anandiyankha mwaulemu kuti adokotala amuona, mwana ali bwino, masiku ake sanakwane, tidikire. Ndinatuluka ndikung'ung'udza kuti iwo amadya za kusitolo, chiswe sachidziwa.

Kukhitchini kwa magadiyani, kumene timaika mafuwa moyandikana, kuli sukulu yakeyake. Kumeneko aliyense ndi dokotala. Gadiyani mnzanga wina anandimva ndikudandaula, nandinong'oneza kuti iye ali nako kabotolo, anakabisa pansi pa nkhuni. Sindikufuna kumunamizira mayi ameneyu. Sanandikakamize, ndinapempha ndine. Ndipo iye anandifunsa kuti kodi mwana wanu si uja wa opaleshoni? Ndinati opaleshoni inali ya kale, bala linapola, ndipo mwana wobadwa mwa ine sangalephere kubereka kawiri konse. Ndiye mukuona kuti sichinali chimanga chokha. Ndinkafunanso kukatseka pakamwa anzanga a kumsika aja.

M'mawa mwake ndinaphika phala la mgaiwa, ndinathiramo nsinjiro, shuga, ndi mankhwala aja. Ndinatakasa bwinobwino n'kukamupatsa Rozina pamphasa pake. Anamwa lonse n'kundibwezera kapu.

Dzuwa lisanafike pamutu matenda anayamba. Apa ndi pamene ndinalakwa kachiwiri, ndipo kulakwa kwake kunaposa koyamba. Rozina anati tiyeni tikauze anamwino monga anatiuzira. Ine ndinati ayi, ukapita msanga akakung'ambanso, tiye kuseri, tikalowe mwana atatsika kale kuti asapeze mpata wotengera mpeni. Ndinamutengera kuseri kwa khitchini kumene timayanika zovala, ndinamuyendetsa uku ndi uku atandikolowekera dzanja paphewa. Ine ndabereka, ndimadziwa kuti ululu wa pobereka umabwera n'kupita, umakupatsa mpata wopuma. Wa Rozina sunkapita. Mimba inangouma gwa ngati dzungu, osafewanso. Ndinaona ndi maso angawa, koma ndinadziuza kuti ndiye kuti mankhwalawo ndi amphamvu, tichira msanga.

Kenako anakuwa kamodzi, kukuwa kumene sindinamvepo kwa mayi aliyense wobereka, n'kugwira pachipsera paja. Atatero anakhala pansi, natsamira khoma, n'kunena kuti ululu wasiya. Inu owerenga, ine ndinasangalala. Ndinati akupuma, akusonkhanitsa mphamvu zokankhira. Magazi sanatuluke ambiri, anali timadontho chabe pachitenje. Koma thukuta linali kamukamu, manja atazizira, milomo itayera, akungopempha madzi akumwa. Ndinamupatsa madziwo n'kumamupepesa kuti alimbe mtima, watsala pang'ono.

Panali anamwino ena achitsikana amene masana aliwonse ankazungulira kuchidikiro kuona amayi. Atafika pamphasa pa Rozina n'kupeza palibe munthu, sanapitirire kwa wina. Anabwera molunjika kuseri kuja. Anagwada, anamugwira pamkono, anamutsegula chikope, anagwira mimba, ndipo ndinaona nkhope yawo ikusintha. Anaitana anzawo kuti abwere ndi machira msanga. Kenako anatembenukira kwa ine. Ndinakonzeka kukalipiridwa, ndipo bodza langa linali kale pamlomo.

"Amayi, sindikukalipirani, ndipo sindikakunenezani kwa munthu," anatero anamwinowo. "Phala la m'mawa munathiramo chiyani, ndipo anamwa nthawi yanji?"

Ndinati shuga ndi nsinjiro basi.

Anandiyang'ana osakwiya. "Adokotala akufuna kudziwa chimene akakumane nacho m'mimbamu. Mukandiuza zoona, ndithamanga nazo."

Funso lija linandilasa. Sanafunse ngati mwanayo wamwa mankhwala, limene ndikanakana mpaka mawa. Anafunsa za phala, ngati kuti analipo pamene ndinkatakasa. Ndinayang'ana Rozina ali pamachira, mutu uli lende, maso atayamba kutembenuka, sakumvanso zimene tikulankhula. Mantha anandigwira, mantha enieni oti mwana wanga akufa ine ndikuteteza dzina langa. Ndinaulula zonse, za kabotolo, kuchuluka kwake, nthawi imene anamwa, ndi nthawi imene tinakhala kuseri. Anamwinowo anangothamanga kutsogolo kwa machira.

Zotsatira zake zinachitika mwaliwiro loti mutu wanga sunatsatire. Anamuika madilipi mikono yonse, wina anathamangira kukatenga magazi, ndipo chitseko cha kufiyeta chinatsekeka ine ndili panja. Ndinakhala pabenchi korona ili m'manja, koma pemphero linakana kutuluka. Akamwini anafika kuchokera ku Limbe fumbi la simenti lili m'tsitsi, anapita kukapereka magazi, n'kubwera kudzakhala kumapeto kwa benchi lomwelo. Anandifunsa kuti chachitika n'chiyani. Ndinati matenda anangobwera moipa.

Dzuwa litapendeka kunatuluka dokotala wachinyamata. Anati chiberekero chinang'ambika pachipsera paja n'kupitirira mpaka m'mbali, magazi onse ankatayikira m'kati, n'chifukwa chake kunja sitinaone ambiri. Anayesa kusoka koma zinakanika, ndiye achichotsa kuti apulumutse moyo. Mwana anamupeza atafa kale. Rozina akupuma, koma tidikire masiku awiri atatu kuti tione. Anawonjezera kuti akanachedwa pang'ono pokha, bwenzi akutiuza zina. Ndinafunsa kuti mwanayo anali wotani. Anati wamkazi.

Kuno kwathu mwana wamkazi ndiye mudzi, ndiye amene amasunga munda ndi mbumba. Khanda lopita padera chonchi amaika amayi okhaokha, popanda nyimbo, popanda kulira mokweza. M'mawa mwake ndinamukulunga m'chitenje chatsopano chimene tinagula kuti azidzaberekera, ndinakwera minibasi, kenako kabaza, wakabazayo akundicheza za mpira osadziwa chimene ndanyamula. Njira ya kumanda imadutsa m'mphepete mwa munda wanga. Chimanga chinali chilili, mizere yonse, palibe ngakhale chimodzi chimene wakuba anathyola. Chiswe chija chinagwetsa mapesi owerengeka kumalire. Tinadzakolola patapita masabata, ndipo chaka chimenecho tinapeza chambiri kuposa zaka zonse.

Ndinabwerera kuchipatala tsiku lomwelo. Rozina anatsitsimuka, anayamba kumwa tiyi, kenako kukhala tsonga. Mtima utakhala pansi pang'ono ndinawasaka anamwino aja, chifukwa funso lawo silinkandigonetsa. Ndinawafunsa kuti za phala anadziwa bwanji, kapena alipo anandineneza. Anati palibe. Anati kusukulu ya uzamba anawaphunzitsa kuchokera pa zimene dokotala wina wa kafukufuku analemba atacheza ndi amayi a m'midzi, ena mwa iwo a konkuno. Kumeneko ndi kumene anaphunzira kuti mayi ukamufunsa ngati wamwa mankhwala amakana, ukamukalipira amabisiratu, koma ukafunsa za phala ndi thobwa amadziwa kuti ukudziwa. Anaphunziranso kuti uzifunsa gadiyani osati wodwala yekha, ndiponso kuti mayi wa chipsera akasowa pamphasa pake usamadikire kuti abwera, kamuyang'ane kuseri. Ngakhale zija zotumiza amayi a opaleshoni kuchipatala chachikulu masiku asanakwane, anati dokotala yemweyo ndi anzake ndi amene analimbikira kwa akuluakulu a zaumoyo mpaka zinatheka. Dokotala wachinyamata amene anapulumutsa Rozina nayenso anadutsa m'manja mwawo. Anati zolemba zawo zimawerengedwa ngakhale m'mayiko ena.

Ndinafunsa maonekedwe a dokotala wa kafukufukuyo. Anali aNamafunso.

Taganizani inu. Mwana wanga ali moyo lero chifukwa cha mawu a mayi wa ku Mauwa uja, amene ndinamutsina kuti akhale chete. Iye analankhula pansi pa mtengo, adokotala anamva n'kulemba, zolembazo zinakafika m'kalasi, ndipo mtsikana amene mwina nthawi imeneyo anali kupulaimale anadzaziphunzira n'kudzandipeza nazo kuseri kwa khitchini. Azimayi onse tsiku lija akanayankha mochenjera ngati ine, anamwino aja akanapeza mphasa yopanda munthu n'kuganiza kuti wapita kukasamba. Ine ndinkayesa kuti mafunso sachiza munthu. Ndinalakwa, ndipo ndikunena mosazengereza kuti mayi uja ndi mafunso ake wapulumutsa amayi ambiri amene sadzamuona n'komwe nkhope.

Tisanatuluke m'chipatala aNamafunso anabwera. Ndinamva kuti akamva zoti mayi wina anatsala pang'ono kufa pobereka amafika kudzafunsa mmene zinayendera, osati kuti apeze wolakwa koma kuti aone pamene panaphonyeka. Anali atayamba imvi, atavala magalasi, koma kukhala kwake kunali komwe kuja. Anandipeza pakhonde ndikuchapa, nakhala pansi pambali panga. Sanandikumbuke. Ndinawakumbutsa ndekha kuti ndine uja ndinati kuno ndife Akatolika, ndiponso kuti dzina lija ndinawapatsa ndine. Anaseka pang'ono, anati dzinalo analimva kalekale ndipo ngakhale ana awo a sukulu amawatchula lomwelo akatembenuka.

Anapempha ngati ndingalole kuti andifunse, ndipo anati dzina langa silidzatuluka. Nthawi imeneyi sindinasiyeko kanthu. Za mankhwala ankangogwedeza mutu, zinali zodziwika kwa iwo. Koma nditatchula za chimanga anandiimitsa, nati ndibwerezenso. Anafunsa kuti ndi magadiyani angati kukhitchini kuja amene anasiya minda yopanda munthu. Ndinati pafupifupi tonse, nyengo yokolola ikafika palibe amene mtima wake umakhala pachipatala. Kenako anati, "Ndiye kuti tikamamuuza mayi kuti adikire, tizifunsanso kuti kumunda kwatsala ndani."

Atatsala pang'ono kunyamuka anandifunsa funso lomaliza, loti kodi mwana wanga ndamuuza. Limenelo lokha ndinalephera kuyankha. Sanandikakamize, anangonditsanzika n'kulowa m'wodi.

Tinabwerera kumudzi. Rozina sankatha kuwerama, ndiye ndinkamusambitsa ndine ngati mmene ndinkachitira ali wakhanda. Mawere ankatuluka mkaka wopanda woyamwa, ndinkamumanga ndi chitenje pachifuwa iye akulira mosatulutsa mawu. Tsiku lililonse ndinkati ndimuuza lero, tsiku n'kupita. Ine amene ndimatha kuzazira msika wonse, mawu ochepa awa ankandikanika. Tsiku lina masana tili kubafa, ndikumupukuta m'mbali mwa bala, ndinangoyamba. Ndinamuuza kuti chimene chinang'amba chiberekero chake si tsoka, si mfiti, si madokotala. Ndinathira mwanamphepo m'phala lija, ndipo ndinathira chifukwa cha chimanga ndi manyazi a kumsika. Ndinayembekezera kuti akuwa, kapena andithamangitsa.

Anayang'ana madzi a m'beseni. Kenako anati, "Ndinadziwa, amayi. Kuwawa kwake kunkamveka. Ndinamwa chifukwa munandipatsa ndinu."

Mawu amenewa ndimadzuka nawo, ndimagona nawo. Akanandituka bwenzi nditapola kale.

Amuna ake ndinawauzanso ndekha, sindinafune kuti amve kwa wina. Sanandinyoze. Patapita miyezi anatuma ankhoswe kudzapempha kuti amutenge Rozina chitengwa, akakhale kwawo ku Likoswe. Pamwambo wathu ndikanatha kukana, koma ndikanakana ndi pakamwa pati? Ali kumeneko, banja lilipo, mwana wawo mmodzi uja akukula. Amabwera kudzandiona, amandibweretsera sopo ndi mchere, timacheza. Za tsiku lija sitinazikambenso.

Kusikelo masiku ano ndamva akufunsa amayi kuti akapita kuchidikiro munda ausiyira ndani. Kumphakati kwathu, kumene timakumana Akatolika a m'mudzi, ndinaimirira n'kunena nkhani yangayi pamaso pa onse, anzanga a kumsika aja ali pomwepo, ndipo tinagwirizana kuti mayi akapita kukadikira nyengo yokolola, ife otsala tizimulondera munda ndi kumukololera. Amene akuzemba ndimamutsatira pakhomo pake. Pakamwa paja ndikadali napo, kungoti tsopano ndikudziwa kolozetsa.

Ndiye inu amayi anzanga, inu azakhali ndi apongozi amene mumapita kukadikirira ana, wakutsina khutu ndi mnansi. Mayi amene anachitidwapo opaleshoni si waulesi, ndipo chipsera chimene chinapola kunja sichikuuzani za m'kati. Musamatenge mwana kupita naye kuchipatala kabotolo kali pansi pa nkhuni, mapanga awiri avumbwitsa. Ululu ukabwera wosapumira, kapena ukasiya mwadzidzidzi munthu n'kuyamba kuzizira, musati akupuma, thamangani. Ngati mwamupatsa kale kanthu, nenani msanga, manyazi sanaikitsepo munthu m'manda koma kubisa kwaikitsa ambiri. Ndipo akabwera anthu a mafunso kwanuko n'kuyala chitenje pansi, musawachenjerere ngati ine. Ayankheni zoona, chifukwa simudziwa kuti yankho lanulo lidzapeza mwana wa yani kuseri kwa khitchini.

Akuluakulu anati fulumira anadya gaga. Wofulumira ndinali ine, koma gagayo anadya ndi mwana wanga, ndipo adzadya moyo wake wonse. Munda ukabedwa mudzalimanso chaka chamawa. Mwana wanu adzamwa chilichonse chimene mwamupatsa, ngakhale akumva kuwawa, chifukwa ndinu mayi ake. Ndiye musanamupatse kapuyo, yambani mwadzifunsa chimene mwathiramo.